Nsalu ya Biliwita

Nsanje,
9 Febuluwale 1994

Okondedwa Achemwali a Margret,

Moni nonse ku Bangwe. Muli bwanji? Ababa akupeza bwanji ndi BP yawo ija? Alamu a Ramsey ndi ana apatseni moni wanga. Kalatayi ndapatsira Majidi, dalaivala wa lole ya bungwe lathu, chifukwa ya papositi imayenda ngati ikudwala miyendo.

Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno landiwaula. M'mawa ndimagawa ufa ndi nyemba kwa othawa nkhondo a ku Mozambiki, masana ndimaphunzitsa ana awo pansi pa mtengo, dzuwa likapepa ndimazungulira m'misasa ndi kawailesi kanga kojambulira mawu, kufunsa akuluakulu mbiri ya kwawo. Buku lija ndinasiyira uphunzitsi ku Chilomoni likuyenda ndithu, ngakhale inu mumati ndi misala.

Tsono imvani chimene ndalembera. Sabata yatha ndinajambula mayi ena, dzina lawo a Anjelina. Ndi Alomwe, anabadwira kufupi ndi Milanje koma anakwatiwa ku Morrumbala. Amuna awo ndi ana onse awiri anafera m'njira pothawa, ndipo kampu ino akhalamo okha zaka zisanu ndi ziwiri. Akuti chaka chimene nkhondo ya azungu inatha, mchimwene wawo anathawa asipayi a Apwitikizi amene ankagwira anyamata kukalima thonje mokakamiza. Makolo anali atafa kale. Anawasiya kwa mayi awo aang'ono m'mbali mwa Ruo, iye n'kuwoloka, osabwereranso. Dzina lake Laurenti. Khutu lake lakumanzere linang'ambidwa ndi chikoti cha msipayi.

Achemwali, mwamva zimenezo? Dzina la Ababa, khutu la Ababa lija amati linakodwa pa waya ku esiteti ya tiyi! Koma sindinanene kanthu, ndipo inunso musanene. Pa ntchito yofufuza mbiri, mboni imodzi si mboni. A Laurenti alipo ambiri, makutu ong'ambikanso ndi ambiri. Mnzathu wina kuno anauza mkulu wina kuti mwana wake wapezeka ku Chikwawa. Mkuluyo anayenda wapansi n'kukapeza mwana wa eni. Sanakhalenso bwino mutu mpaka lero. Sindikufuna zimenezo zigwere Ababa kapena mayiwa.

Ndiye muwafunse Ababa mochenjera, ngati macheza chabe: amayi awo anali yani, ali mwana ankatunga madzi mtsinje uti, ndipo anali ndi mlongo kapena ayi. Zimene anayankha mayiwa sindikuuzani, kuopa mungawaike Ababa mawu m'kamwa. Mayankho akafanana, tidzaulula.

Ndine mlongo wanu,
Yona


Bangwe,
2 Malichi 1994

Yona,

Moni. Tonse tilipo, ana akupita kusukulu, alamu ako akuti zikomo moni. Tsopano ndikuuze zimene wandiputira.

Iwe sukulu inakuphwanya mutu eti? Dzina ndi lomwelo, khutu ndi lomwelo, ukufunanso chiyani, mngelo atsike adzasaine? Komabe ndinachita monga unanenera. Loweruka Ababa ali pakhonde pa makina awo, akusoka yunifolomu ya mwana wa a neba, ndinakhala pambali ndikusenda mbatata n'kunena kuti, "Kodi Ababa, agogo athu aakazi dzina lawo anali yani?"

Makina anaima. Anandiyang'ana ngati ndine mlendo.

"Wakutuma ndani?"

Ndinati palibe, ndangofuna kudziwa. Ndiye ine ndi kupusa kwanga ndinaonjeza funso la mtsinje lija. Mayo ine! Anadzuka, kulowa m'nyumba, kutuluka ndi khadi lawo lovotera akuligwedeza. "Amene wakutumayo ukamuuze kuti ine ndine wa ku Thyolo! Ndakhoma msonkho dziko lino iwe usanabadwe!"

Ukudziwa iwe mmene kulili kuno? Wailesi tsiku lililonse ikulengeza kuti a ku Mozambiki akubwerera kwawo. Kumowa anthu akuti boma likasintha, onse obwera adzawakweza malole. Mwezi watha chidakwa china chinaima pamsewu n'kumatikuwira kuti Anguru inu muzipita. Ababa akuganiza kuti ntchito yako ndi yomweyo yokweza anthu malole, ndipo tsopano mwana wawo yemwe wayamba kufufuza bambo ake. Masiku awiri sanadye. Lolemba ndinapeza tilanki yawo ya malata ija, imene sitinaionepo m'kati chibadwire, aikokera pafupi ndi chitseko, yomanga ndi chingwe, nsapato zili pamwamba. BP inakwera mpaka tinakagona kuchipatala. A nesi anati tisawadzidzimutsenso.

Ndiye za mlongo sindinafunse, ndipo sindifunsa. Ndikuopa kuwapha ndi pakamwa panga.

Njira ndi imodzi basi. Akweze mayiwo basi ubwere nawo, adzakhale pakhonde pano. Ngati ndi magazi amodzi adzadziwana okha, sipafunika kawailesi. Ngati si iwo, adzamwa tiyi n'kubwerera, tataya chiyani?

Ukatha utumizeko kangachepe ka mankhwala, kuchipatala anatilembera ogula.

Ndine,
Margret


Nsanje,
11 Epulo 1994

Achemwali,

Moni. Pepani kuchedwa kuyankha, msewu unaduka ndi madzi ndipo Majidi anakhala milungu osayenda. Ya mankhwala ndaika m'kati. Za Ababa zandikhudza kwambiri, sindinaganize kuti mantha aja akadali nawo chonchi.

Zobwera ndi mayi aja sizophweka monga mukuonera kumeneko. Wothawa nkhondo satuluka m'kampu popanda chilolezo, ndipo abwana adzandifunsa chifukwa. Ndidzati chiyani? Kuti mwina ndi azakhali anga? Ndipo mayiwo ndidzawauza kuti tikupita kuti? Akakafika n'kupeza kuti si mchimwene wawo, ndidzakhala ndawaphera mlongo kachiwiri.

Tidekhe. Mavoti akadutsa mu Meyi, Ababa adzaona kuti palibe akuwakweza lole, mtima udzakhala pansi. Ine ndapempha tchuthi cha mu Juni, ana ndimaphunzitsa aja akalemba mayeso. Ndidzakhala nawo pansi ndekha, mwamuna ndi bambo ake. Chigawo cha a Anjelina anachiika kuti chidzanyamuka mu Julayi, ndiye nthawi ilipo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Achemwali.

Ndawajambulanso kawiri. Amanditcha "aphunzitsi a kabokosi." Akamaseka amatseka diso limodzi monga amachitira Ababa, koma zimenezo sizilembedwa m'buku ngati umboni.

Yona


Nsanje,
24 Meyi 1994

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira munavota mwamtendere. Ndilemba mwachidule chifukwa kuno kuli piringupiringu.

Ndondomeko yasintha. Malole anabwera ambiri nthawi imodzi, ndipo akuluakulu anati zigawo zonse za kumunsi zinyamuke madzi asanaphwe pa doko. A Anjelina apita dzulo. Ine ndi amene ndinali pa mzere wawo. Ndinawapatsa thumba la ufa, khasu ndi pulasitiki yofolera, kenako ndinawanyamula m'chiuno kuwakweza lole, poti mwendo wawo umodzi suponda bwino. Ndi opepuka ngati mwana.

Ndinatsala pang'ono kuwauza, sindikubisirani. Koma ndikananena pamenepo, injini ikulira, anthu akukankhana, akanatsika n'kutsala kampu yopanda munthu chifukwa cha nkhani imene ine sindinaitsimikize. Anandigwira dzanja n'kuti, "Aphunzitsi, mawu anga aja musawataye."

Musadandaule. Morrumbala si kumwamba. Ndalemba dzina la mudzi wawo, ndipo bungwe lathu liyamba kupititsa mbewu tsidya limenelo. Ndikadzayankhula ndi Ababa mu Juni, ndidzawatsatira.

Yona


Bangwe,
26 Meyi 1994

Yona,

Moni ndilibe nthawi yake. Ababa agwa Lolemba ali pa makina. Mbali yonse yakumanja yafa, pakamwa papotoka. Tili kuchipatala.

Chichewa chawathawa, Yona. Akungoyankhula Chilomwe, chimene ife ana awo sitinamvepo m'kamwa mwawo ngakhale tsiku limodzi. Ndinachita kukatenga mayi Agnes, aja ogulitsa makala kuseri kwathu, kuti adzandimasulire. Mayi Agnes anamvetsera n'kundifunsa kuti, "Kodi Anjelina ndi ndani? Akungoti, Anjelina usalire, khala pompo, ndibweranso."

Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira ngati mwana. Dzina limenelo sindinawatchulirepo, Mulungu ndi mboni. Umafuna umboni, ndi umenewo.

Ndiye ndaphwanya lamulo lako. Ndinagwada pa bedi n'kunena kuti, "Ababa, a Anjelina ali moyo. Ali ku Nsanje, Yona wawapeza, akubwera nawo." Mayi Agnes anabwereza m'Chilomwe. Yona, munthu amene wakhala osagwedezeka masiku atatu anandifinya mkono ndi dzanja lamoyolo mpaka zikhadabo zinalowa. Misozi inatuluka diso limodzi. Kuyambira pamenepo akulandira phala, ndipo maso sachoka pa chitseko cha wodi. Akalowa mzimayi aliyense wachikulire amayesa kudzuka.

Za chilolezo, za abwana, za mayeso, sindikufuna kumva. Ngati akukuchotsa ntchito akuchotse. Akweze mayiwo basi ya mawa. Adokotala akuti sakulonjeza kanthu.

Ndionetsetse anathetsa nkhosa, Yona. Fulumira.

Margret


Nsanje,
6 Juni 1994

Achemwali,

Makalata athu anaphonyana m'njira. Yanu ndailandira lero, ndipo pofika pano mwawerenga yanga, mukudziwa kuti a Anjelina kuno kulibe.

Ndasiya zonse. Ndikuwoloka Shire mawa ndi boti la mbewu. Akuti kuchokera pa doko msewu wa kumudzi kwawo sunachotsedwe mabomba okwirira, ndiye tizungulira wapansi. Ndibwera nawo ngakhale powabereka kumsana. Auzeni Ababa agwire mtima.

Mundikhululukire.

Yona


Bangwe,
21 Juni 1994

Yona,

Sindikudziwa kuti kalatayi ikupeza kuti. Majidi wati aipereka kwa anzake a tsidya.

Ababa atisiya Lachinayi pa 16, m'mawa. Tinaika Loweruka. Uthenga tinalengezetsa pa wailesi kawiri, koma kaya kumeneko mumamva wailesi ya kuno.

Anadikira, Yona. Milungu itatu anadikira. Tsiku lililonse ndinkawanamiza kuti basi yawonongeka, mlatho waduka, akubwera mawa. Ine mayi wa mpingo, kunamiza bambo anga ali pa mphasa ya imfa! Kumapeto anasiya kuyang'ana chitseko, anatembenukira kukhoma. Phala anakana. Ndikuganiza kuti anaona ngati ndinapeka nkhani yonse kuti adye, ndipo zimenezo zikundidya mtima kuposa imfa yeniyeniyo. Inenso ndili ndi mlandu, ndikanawauza mu Malichi muja.

Mwambo unayenda bwino. Anthu anabwera ambiri, matelala anzawo a ku Limbe ananyamula bokosi. Ambiri anafunsa za iwe. Ndinkangoti ali kuntchito yothandiza anthu, ena n'kumayang'anizana.

Osambitsa thupi atapempha nsalu yokulungira, alamu ako anadula chingwe cha tilanki ija. Munalibe chuma chilichonse. Suti yawo ya ukwati, sizasi yakale, kolona, ndipo pansi penipeni nsalu yakuda yokulungidwa m'pepala la kaki, mankhwala a njenjete ali mbwee. Yatsopano, yosachapidwapo, koma mopindamo munachita kuyera ndi ukalamba. Mayi Agnes anati, "Iyi ndi biliwita, ankavala amayi athu kalekale, masiku ano simungaipeze." Tinadabwa tonse. Telala amene ankasoka ngakhale tizidutswa totola pansi, kusunga nsalu yathunthu osaidula! Tinati mwina anadzisungira ya pa ulendo wawo, ndiye tinawakulunga nayo. Inawakwana bwino.

Makina ndawaphimba. Yunifolomu imene ankasoka tsiku anagwa lija ikadali pa singano, sindinathe kuichotsa.

Ukawapeza mayiwo uwauze wekha. Ine mawu andithera.

Margret


Morrumbala,
15 Julayi 1994

Achemwali,

Moni, ngati moni wanga mungaulandire. Kalata yanu inandipeza pa doko, nditabwerera kachitatu osawapeza. Mudzi umene ndinalemba uja kulibe, kwatsala mitengo ya mango yopserera basi. Anthu anabalalika, aliyense akumanga pamene waona kuti sipaphulika. Ndinawerenga nditakhala pa matumba a mbewu. Za imfa ya Ababa ndinalira. Koma nditafika pa nsalu paja, Achemwali, ndinasanza.

Pali chinthu chimene sindinakulembereni mu Febuluwale. Tsiku loyamba lija a Anjelina anandiuza kuti mchimwene wawo pochoka, iwo anamukakamira mwendo akulira. Iye anati, "Khala pompo. Ndikagwira ntchito ku tiyi ndikakugulira biliwita, ndibwera nayo." Zili pa kaseti, ndazimvetsera kambirimbiri. Ndinazisiya chifukwa ndinaona ngati ndi zonyengerera mwana, zosathandiza kutsimikiza kanthu. Ndinasankha maina a mitsinje. Ndikanangolemba mzere umodzi umenewo, bwenzi inu mutangonena kuti, "Ababa, a Anjelina akufunsa nsalu yawo." Wa boma sakanadziwa zimenezo. Akanamasula okha chingwe chija.

Ndawapeza Lamlungu, m'kakhumbi ka udzu kofolera ndi pulasitiki ndinawapatsa ija. Anasangalala. "Aphunzitsi a kabokosi! Mwanditsatira mpaka kuno?" Ndinagwada n'kunena kuti, "Azakhali, ine ndine mwana wa Laurenti."

Sanakuwe, sanagwe. Anandigwira nkhope n'kuitembenuzira kudzuwa, kuiyang'ana nthawi yaitali. Ndinawauza zonse, za Thyolo, za Bangwe, za makina, za chipatala, kuti anawaitana dzina mpaka kumapeto. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga nsalu yanga anagula?"

Ndinati anagula, anaisunga moyo wawo wonse, ndipo agona nayo.

"Yamtundu wanji?"

"Yakuda."

"Ndi yomweyo."

Apo ndiye analira, kulira kwa pansipansi, akugwedeza mutu. Atatonthola anafunsa kuti ku Bangwe n'kutali bwanji kuchokera ku kampu kuja. Ndinati ulendo wa tsiku limodzi pa basi. Kenako anati, "Iwe unadziwa liti?"

Ndikanatha kunama, Achemwali. Ndinati mu Febuluwale, tsiku loyamba lomwe lija.

"Mvula ikugwa muja? Iye ali moyo, akusoka?"

"Inde."

"Ndiye unkandipimira ufa mwezi ndi mwezi, uku ukudziwa? Unandiimbitsa nyimbo m'kabokosi kako, uku ukudziwa? Unandikweza lole ndi manja akowa?"

Analowa m'kakhumbi n'kutseka. Ndinagona panja. M'mawa anatuluka atamanga kale kamtolo kawo, osandipatsa moni, n'kuti, "Nditengere ndikaone pamene yagona nsalu yanga."

Tikudikira mapepala owolokera malire. Panjira sakundiyankhula, koma akulola kuti ndiwagwire mkono pokwera mtunda. Za buku musandifunse. Makaseti ali m'chikwama, ndikuopa ngakhale kuwakhudza.

Tifika kumayambiriro a Ogasiti. Ngati simukufuna kundiona m'nyumba ya Ababa ndimvetsa, ndidzawasiya pakhomo.

Yona


Bangwe,
27 Julayi 1994

Yona,

Moni. Usandiuze zopusa, ukawasiya pakhomo iwe n'kupita kuti? Nyumba ino ndi yakonso. Ndakwiya nawe, ndipo ndikwiya nawe nthawi yaitali, koma udzakwiyiridwa uli m'nyumba.

Chipinda cha Ababa ndasesa, azakhali adzagona mmenemo. Ndauza mayi Agnes kuti akhale pafupi chifukwa cha Chilomwe. Ana ndawauza kuti kukubwera agogo, akufunsa kuti anali kuti masiku onsewa. Udzawayankhe ndiwe mphunzitsi wa mbiri.

Ndazungulira masitolo onse a ku Limbe kufuna biliwita. Mmwenye wina wokalamba anachita kundiseka, akuti inatha iye ali mnyamata. Ndagula popolini yakuda. Yunifolomu ija ndaichotsa pa singano, ndipo nsaluyi ndaipinda m'mbali ndekha pa makina a Ababa, mzere wake wokhotakhota. Sindidzawanamiza kuti ndi ija. Kunama ndinatopa nako kuchipatala.

Mukafika tidzapita kumanda m'mawa mwake, atatu. Mboni yachiwiri unkaifuna ija ndi biliwita ija, ili kumeneko pansi pa dothi, aifunda Ababa. Kabokosi kako kojambulira ukasiye komweko, Yona. Pamanda a Ababa palibe chojambula, tikupita kukalira.

Ndine mlongo wako,
Margret